Nzeru Zikayamba Kuzilala, Ayambe Kulankhula Ndani?

Mphunzitsi wina wa pa sukulu ya ukachenjede, amene wagwira choko kwa zaka 30, waima kutsogolo kwa ophunzira ake ndipo wayamba chiganizo chimene wakhala akuchinena chaka ndi chaka. Pofika pakati, mawu amuthawa. Ayang'ana pa bolodi, atsokomola pang'ono, kenaka afunsa ophunzirawo kuti, "Paja timati chiyani?" Ophunzira aseka, iyenso aseka. Madzulo a tsiku lomwelo apeza kuti wawerenga tsamba limodzi katatu koma palibe chimene watolapo. Sauza mkazi wake, sauzanso mnzake wa mu ofesi. Kumudzi kwawo, mayi ake aakulu a zaka 82 apezeka pakati pa usiku ali chiimire kuseri kwa nyumba ya eni, nsalu itagwa, akunena kuti akufuna njira ya kuchitsime kuti akatungire madzi amuna awo, amene adamwalira kalekale. Pofika m'mawa mudzi wonse ukunong'ona kuti gogoyo wagwa m'ndege ya ufiti.

Anthu awiriwa ndi ongoyerekeza, komabe aliyense amene wakhalapo m'masukulu ndi m'midzi ya m'chigawo chino cha Africa awazindikira msanga. Moyo wawo ndi wosiyana kutalitali, koma funso limene akudzutsa ndi limodzi. Kodi munthu amene waona kuti maganizo ake sakukhazikikanso pa chinthu chimodzi, kuti akuiwalaiwala, ndiponso kuti nzeru zake sizikuthwa monga kale, ali ndi udindo wokafuna thandizo kwa akatswiri a zaumoyo, kapena imeneyi ndi nkhani ya iye mwini imene angathe kuibisa ngati afuna? Nanga ngati mwini wake sakuliona vutolo, udindowo ugwera yani? Nkhani ino ikutsindika mfundo yakuti udindowo ulipo ndithu, koma kuti mwini wake sangausenze yekha, pa chifukwa chimene chili m'kati mwa vuto lenilenilo.

Pali zifukwa zitatu zimene anthu amapereka posafuna kupita kuchipatala ndi vuto lotere, ndipo chilichonse chili ndi kachoonadi kake. Choyamba n'chakuti kuiwala ndi ukalamba basi. N'zoona kuti munthu akamakula amachedwa kukumbukira dzina la mnzake wakale, ndipo amatha kufunafuna khasu limene walisiya yekha pakhonde. Koma zimenezi n'zosiyana ndi kusochera pa njira ya kumunda umene waulima kwa zaka 40. Kuiwala kumene kwafika polepheretsa munthu kuphika, kuwerengera ndalama kapena kuzindikira abale ake, madokotala amakutcha dementia, ndipo ndi matenda a ubongo amene okalamba ambiri amafika kumanda osawadwala. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2021 anthu 57 miliyoni adali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse mwa iwo adali m'maiko osauka ndi a chuma chapakati. Mtundu wake wofala kwambiri ndi umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adaufotokoza mu 1906 atapima ubongo wa Auguste Deter, mayi amene adagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51 zokha.

Chimene chikuchititsa chifukwa choyambachi kukhala choopsa n'chakuti si kuiwala konse kumene kuli dementia. Pali zambiri zimene zimafooketsa maganizo koma zili ndi mankhwala ake. Kukhumudwa kwa nthawi yaitali kumachititsa munthu kulephera kutsata zimene akuwerenga kapena kumva, mwakuti amaoneka ngati wataya nzeru pamene chadwala ndi mtima. Chithokomiro chikafooka, thupi ndi maganizo zimayenda pang'onopang'ono. Kuchepa kwa magazi, kuperewera kwa vitamini B12, kusowa tulo, mowa wambiri ndi mankhwala ena ogonetsa, zonsezi zimaphimba nzeru ngati nkhungu. Chindoko chimene sichidachiritsidwe chimatha kufika ku ubongo patapita zaka zambiri, ndipo kachilombo ka HIV nako kamatero ngati munthu sakulandira mankhwala. Wokalamba amene adagwa n'kumenyetsa mutu akhoza kuyamba kusokonezeka patatha milungu ingapo chifukwa cha magazi amene akuunjikana pang'onopang'ono pansi pa chigaza, ndipo opaleshoni imatha kumubwezera m'chimake.

Chigawo chino chili ndi umboni wakewake wa zimenezi. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene adali m'misasa ya ku Malawi adadwala pelagra, nthenda imene imadza thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin, makamaka pakati pa anthu odalira chimanga chokha. Nthendayi imawononga khungu, imatsegula m'mimba, ndipo imasokoneza mutu. Idabuka mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankagawiridwa. Chitsanzo china ndi cha efavirenz, mankhwala otalikitsa moyo amene ena mwa owamwa ankadandaula za chizungulire, maloto oipa ndi kubalalika kwa maganizo, ndipo kuyambira mu 2019 dziko la Malawi lidayamba kusinthira anthu ambiri ku dolutegravir. Ku Harare, ntchito ya Friendship Bench, imene dokotala Dixon Chibanda adaiyambitsa mu 2006, idaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Wophunzira wa zaka 22 amene akuona kuti mutu sukugwira, kawirikawiri vuto lake limapezeka m'gulu limeneli la njala, nkhawa ndi kusagona.

Motero amene akuti "ndi ukalamba basi" ndiye kuti wadzipima yekha, wadzipezera yekha nthenda, ndipo wasankha yankho lokhalo limene silimulamula kuchita kanthu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Chimene chimachitika kuchipatala sichachilendo: dokotala kapena namwino amamva mbiri ya vutolo kuchokera kwa wodwala ndi kwa wina amene amakhala naye, amayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amatenga magazi, amafunsa za mankhwala ndi mowa, amaona ngati maso ndi makutu zikugwira ntchito, kenaka amafunsa mafunso oyesa kukumbukira. Ngakhale pamene vuto lili mu ubongo weniweni, pamakhalabe chochita. Gulu la akatswiri limene magazini ya The Lancet idasonkhanitsa, motsogozedwa ndi Gill Livingston, lidalengeza mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa 100 alionse a matenda a dementia akhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa polimbana ndi zinthu 14, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa, kugontha, kusaona bwino, kukhumudwa, kudzipatula ndi kusapita patali ndi sukulu.

Chifukwa chachiwiri ndi manyazi, ndipo manyaziwo ali ndi mbiri yake. Ku Nyasaland, malo oyamba osungirako odwala maganizo adatsegulidwa mu 1910 monga mbali ya ndende ya ku Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental Hospital chidadzatsegulidwa mu 1953. N'chifukwa chake mpaka lero mawu akuti "akutengera ku Zomba" amamveka ngati chilango, monga momwe dzina la Chainama limamvekera ku Lusaka. Chinenero nacho chimawonjezera vuto, pakuti liwu limodzi lakuti misala limakwirira pamodzi wokhumudwa, wosokonezeka ndi malungo, woiwalaiwala ndi wolusa. Kwa munthu wophunzira, manyaziwa amaluma koposa, chifukwa mutu ndiwo munda wake, ndiwo ulemu wake, ndiwonso chakudya cha ana ake. Iris Murdoch, katswiri wa filosofi ndi mlembi wa mabuku wa ku Britain, adatulutsa buku lake lotsiriza, Jackson's Dilemma, mu 1995, matenda a Alzheimer asanadziwike mwa iye. Kafukufuku amene adatuluka mu magazini ya Brain mu 2005 adasonyeza kuti mawu a m'bukulo adali atachepa kale mitundu poyerekeza ndi mabuku ake akale. Maphunziro sadamutchinjirize, ndipo zizindikiro zidayamba kuonekera m'ntchito imene ankainyadira.

Manyazi otere ndi omveka, komabe sangakhale chifukwa chokwanira, pakuti maganizo a munthu wogwira ntchito amadaliridwa ndi anthu ena. Mphunzitsi uja akayamba kusokoneza malikisi, wolephera ndi mwana wa wina amene makolo ake adagulitsa mbuzi kuti apeze fizi. Namwino akaiwala mlingo wa mankhwala, woyendetsa basi akasokonezeka pa mphambano, msungichuma wa mpingo akalephera kufotokoza kumene ndalama zapita, ovulala amakhala anthu amene sadasankhe nawo kubisako. Munthu ali ndi ufulu wosunga chinsinsi cha thupi lake, koma ufuluwo umachepa pamene chinsinsicho chayamba kulipiridwa ndi ena. Palinso mbali ina: wolemekezeka akaulula, amachepetsa manyazi a ena onse. Mu Novembala 1994 Ronald Reagan, mtsogoleri wakale wa dziko la America, adalemba kalata youza anthu a dziko lake kuti wapezeka ndi matenda a Alzheimer, ndipo adafotokoza kuti akutero pofuna kuti anthu awadziwe bwino matendawa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma pa nkhani iyi siifa yokha.

Chifukwa chachitatu ndicho champhamvu kuposa zonse, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Wina anganene kuti: ngati vutolo ndi la mtundu wosachiritsika, kudziwa kupindulanji? Mankhwala monga donepezil amangochepetsa zizindikiro kwa kanthawi. Mankhwala atsopano monga lecanemab, amene dziko la America lidavomereza mu 2023, amangochedwetsa nthendayo pang'ono, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo amafuna kuti ubongo uzijambulidwa pafupipafupi ndi makina amene zipatala za m'maboma m'chigawo chino zilibe. Munthu amene wauzidwa dzina la nthenda yake akhoza kutaya ntchito, kutaya ulemu, ndi kutaya mtendere wa zaka zochepa zimene zamutsalira. Kodi si chifundo kumusiya akhale osadziwa? Akatswiri a za chikhalidwe cha udokotala amavomereza ndithu kuti wodwala ali ndi ufulu wokana kuuzidwa zina, ndipo dokotala wanzeru amayamba wafunsa kuti wodwalayo akufuna kumva zochuluka bwanji.

Yankho lake lili pawiri. Poyamba, munthu sangadziwe kuti vuto lake ndi losachiritsika asanapimidwe. Kukana kupimidwa poopa nthenda yopanda mankhwala ndiko kutaya mwayi wochira ku nthenda imene ili ndi mankhwala. Kachiwiri, dzina la nthenda limagwira ntchito ngakhale pamene mankhwala palibe. Limapatsa munthu nthawi yolongosola za munda, za nyumba ndi za ana nzeru zikadalipo, ndi yosankha yekha amene adzamulankhulire mtsogolo. Limathandiza abale kumvetsa kuti mayi amene akuwanamizira kuba sakuwada. Koposa zonse, limatchinjiriza moyo. Pamene palibe dzina la kuchipatala, mudzi umapereka dzina lake, ndipo kwa nkhalamba yoyenda usiku, yolankhula ndi akufa, yovomera chilichonse chimene yafunsidwa, dzinalo ndi mfiti. Mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu m'boma la Neno powaganizira kuti adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Mlandu wawo udali wa mphenzi, komabe ukusonyeza mmene chala chimafulumirira kuloza nkhalamba. Lamulo la 1911 lidaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza lamulo loteteza okalamba, koma apolisi amafika mochedwa pamene kalata ya kuchipatala, yowerengedwa pamaso pa mfumu nthawi ikadalipo, ikadatseka pakamwa pa onong'ona.

Kufika pano, zikuoneka ngati nkhani yatha: munthu aone vuto lake, agonjetse manyazi, apite kuchipatala. Koma apa ndi pamene pagona mfundo yovuta. Mwendo ukatupa, maso amauona ndipo mutu umaweruza kuti pafunika thandizo. Mutu ukadwala, woweruza ndi wodwala amakhala mmodzi yemweyo. Mu 1914 dokotala wa ku France, Joseph Babinski, adapereka dzina lakuti anosognosia ku vuto la odwala amene ziwalo zidafa mbali imodzi koma iwo osazindikira kuti zafa. Vuto lomweli limapezeka mwa ambiri odwala dementia. Munthu wotere akamakana kuti sakuiwala, sikuti akunama kapena akuchita makani, koma chida chimene akadadzionera nacho ndicho chawonongeka. Madokotala amadziwanso kuti nthawi zambiri amene amadandaula kwambiri za kuiwala amakhala wa nkhawa kapena wokhumudwa, pamene amene ubongo wake ukuwonongekadi amabwera atachita kukokedwa ndi abale, akunena kuti ali bwinobwino. Udindo wofuna thandizo ukaikidwa pa mwini wake yekha, ndiye kuti waikidwa pa munthu amene mphamvu yake youkwaniritsa ikuchepa tsiku ndi tsiku.

Izi zikufikitsa nkhaniyi pa funso lakale la filosofi: kodi chimene chimachititsa munthu kukhala yemweyo dzulo ndi lero n'chiyani? John Locke, m'mutu umene adauwonjezera mu 1694 m'buku lake la An Essay Concerning Human Understanding, adaphunzitsa kuti munthu amakhala yemweyo kufikira pamene chikumbumtima chake chingafike pokumbukira zimene adachita ndi kuganiza. Ganizo limeneli lili ndi nzeru yake pa nkhani ya milandu, koma likatengedwa monga lilili limapereka chigamulo chowawa kwa gogo uja: popeza sakukumbukira imfa ya mwamuna wake kapena maina a ana ake, ndiye kuti munthu amene anawo adamudziwa wapita kale. Anthu ambiri amene sadawerengepo Locke amalankhula chimodzimodzi akamati, "Amayi aja kulibenso, latsala ndi thupi." Ndipo munthu amene amakhulupirira zimenezi za ena amaziopa za iye mwini, n'chifukwa chake mphunzitsi uja akuona ngati kupita kukapimidwa ndiko kukamva chilengezo cha maliro ake akadali moyo.

Anthu a m'chigawo chino amayankha msanga kuti iwo ali ndi nzeru ina, ya umunthu, yonena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. John Mbiti mu 1969 adafotokoza kuti mu Africa munthu amadzizindikira kudzera mwa anzake, ndipo Didier Kaphagawani wa ku Malawi adaunika mmene Achewa amagwiritsira ntchito liwu lakuti munthu. Komabe nzeru imeneyi nayo ili ndi mpeni wake. Ifeanyi Menkiti adalemba mu 1984 kuti umunthu ndi chinthu chimene munthu amachipeza pokwaniritsa zimene gulu limayembekezera, ndipo akhoza kulephera kuchipeza. M'Chichewa, wa khalidwe loipa amanenedwa kuti "si munthu ameneyu." Tsono dementia imawononga zinthu zomwezo zimene mudzi umayezera umunthu: moni, ulemu, kuvala, kudziwa apongozi, kusunga lilime. Gogo amene watukwana mkamwini pagulu kapena wavula pabwalo waphwanya miyambo yonse, ndipo gulu limene limapereka umunthu likhoza kuulandanso. Kwame Gyekye wa ku Ghana adatsutsa Menkiti pa mfundo imeneyi, nati munthu ali ndi ulemerero wobadwa nawo umene gulu silidapereke ndipo silingauchotse.

Pali njira ina yomvera umunthu imene ikuchokera m'miyambo yomweyo. Mbiti adaona kuti akufa amawerengedwabe monga a m'banja malinga ngati alipo amoyo amene akuwakumbukira ndi maina awo. Achewa amatcha mwana dzina la agogo ake amene adapita, amamanga ziliza, amasonkhana pa chikumbutso. Wakufayo sapereka moni, salima, sakumbutsa munthu dzina lake; ali m'banja chifukwa ena akumusunga m'mitima. Ngati mtundu ungathe kuchitira zotere munthu amene ali m'manda, ulibe chifukwa chomana zomwezo munthu amene akupumabe, amene akumvabe njala, mantha ndi kukoma kwa nyimbo imene adaimba ali mtsikana. Pa kamvedwe kotere, kukumbukira ndi katundu wa banja lonse, ndipo wina akayamba kutaya gawo lake, ena amamunyamulira. Tom Kitwood wa ku Britain, m'buku lake la Dementia Reconsidered la mu 1997, adafika pa mfundo yofanana: kuti mbali ina ya kuwonongeka kwa wodwala imachokera ku mmene omuzungulira amamunyozera, kumulankhulira ngati khanda ndi kumukambirana ngati palibe. Ngati zili choncho, udindo wozindikira vuto ndi kufuna thandizo ndi wa onse amene amadya naye mbale imodzi.

Kuukwaniritsa udindowo n'kovuta m'chikhalidwe chimene mwana sauza kholo kuti lalakwitsa, ndipo wophunzira sakonza pulofesa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo likayamba kuuma, angalankhule ndani? Ulemu umene umatseka pakamwa mpaka gogo atasochera kapena atagendedwa wasanduka kudziteteza kwa olemekezawo. Chikhalidwe chomwecho chili ndi njira zonenera zovuta kwa akulu: kudzera mwa mwini mbumba, mwa nkhoswe, mwa mnzawo wa msinkhu umodzi, mwa mkulu wa mpingo kapena shehe, ngakhalenso mwa mdzukulu, amene mwambo umamulola kuseleula ndi agogo ake. Chofunika n'chakuti mawuwo akhale oona, anenedwe pambali, ndipo atchule zimene zaoneka popanda kugamula nthenda. Mkazi wa mphunzitsi uja akhoza kunena kuti, "Bambo, mwezi uno mwandifunsa katatu za ndalama ya magetsi imene mudalipira nokha, ndipo usiku simukugona. Tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani." Mawu otere amasiya munthu ali chiimire, ndipo amamupatsa mboni imene dokotala adzaifuna.

Udindo wa abale uli ndi malire ake, ndipo malirewo ayenera kunenedwa momveka chifukwa dzina la nthenda likhoza kusanduka chida. Alipo ana amene angathamangire kunena kuti bambo awo mutu sukuyenda pofuna kulanda munda, nyumba kapena ndalama za penshoni. Alipo a pa ntchito amene angagwiritse ntchito mphekesera yomweyo pochotsa mnzawo amene amawatsutsa. Kupezeka ndi dementia sikutanthauza kuti munthu wataya nthawi yomweyo mphamvu yosankha. Amene sangathenso kuwerengera ndalama akhoza kudziwa bwino lomwe kumene akufuna kukhala ndi amene akufuna kuti amusambitse. Choncho woperekeza wodwala ayenera kudzifunsa ngati akufuna kuti munthuyo athandizidwe kapena achotsedwe panjira. Kukakamiza kungaloledwe pokhapokha pamene moyo wa wodwalayo kapena wa ena uli pangozi, ndipo ngakhale pamenepo chimene chachotsedwa m'manja mwake chikhale chokhacho chimene chikubweretsa ngoziyo.

Boma ndi ophunzira nawo ali ndi gawo lawo, pakuti munthu sangalamulidwe kufuna thandizo limene kulibe. Madokotala a ubongo ndi a maganizo ndi ochepa kwambiri m'maiko a m'chigawo chino, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. N'chifukwa chake ndondomeko ya mhGAP, imene WHO idakhazikitsa mu 2008, imaphunzitsa anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono kuzindikira mavuto a maganizo, kuphatikizapo dementia. Zida zopimira nazo zimafuna kukonzedwa. Mayeso otchuka a MMSE, a mu 1975, amafunsa deti, kulemba chiganizo ndi kuchotsera 7 kuyambira pa 100, zinthu zimene zingagwetse gogo wanzeru zake amene sadapite kusukulu, pamene pulofesa wodwala akhoza kukhoza. Ofufuza a m'boma la Hai ku Tanzania adakonza mayeso a IDEA oyenera anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ntchito yotere ikufunika m'chinenero chilichonse. Apa akatswiri a zinenero ndi alembi ali ndi chochita: malinga ngati Chichewa chikhala ndi mawu awiri okha, ukalamba ndi misala, anthu apitiriza kusankha pakati pa kusachita kanthu ndi kuchita manyazi. Mawu akuti matenda oiwalaiwala ayamba kumveka, ndipo akufunika nthano, masewero ndi maulaliki zowazika m'makutu a anthu.

Tsono gawo la mwini wake ndi lotani, ngati tsiku lina sadzatha kudziona? Gawo lake lili kumayambiriro. Mphunzitsi uja akadali pa nthawi imene akuzindikira kuti mawu amuthawa, ndipo nthawi imeneyo ndi ya mtengo wapatali chifukwa siikhalitsa ngati vutolo ndi la ubongo, ndiponso chifukwa ndi pamene mankhwala amathandiza kwambiri ngati vutolo ndi lina. Mwina adokotala adzapeza shuga, kusowa tulo kapena chisoni chimene wachinyamula chiyambire imfa ya mbale wake. Mwina adzapeza chimene akuchiopa. Kulondola kwa ulendowo sikudalira yankho limene akalandire. Asananyamuke, pali chinthu china chimene angachite, chimene munthu aliyense wa nzeru zake angachite lero: kupereka chilolezo. Nkhanga zidapangana kusanapse. Akhoza kuuza mkazi wake ndi mnzake mmodzi wa pa ntchito kuti, "Mukadzaona kuti ndayamba kutaya, mudzandiuze, ndikadzakana, mudzandikumbutse kuti ndidakupemphani ndine." Akatero, akwere basi ya kumudzi, akakhale pansi ndi alongo ake ndi amfumu, ndipo mayi ake aakulu akaonedwe kuchipatala cha boma mudzi usanagamule mlandu wawo.